Piritsi limodzi patsiku: kafukufuku wa Maarten Boers tikamuwerengera kwa Mpama

M'chaka cha 2022 magazini ya madokotala ya Annals of the Rheumatic Diseases inasindikiza zotsatira za kafukufuku wotchedwa GLORIA, amene anamutsogolera ndi Pulofesa Maarten Boers wa ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands. Uthenga wake ndi waufupi ndipo umakoma m'khutu. Piritsi limodzi la prednisolone la 5 mg patsiku, likamwedwa kwa zaka ziwiri, limachepetsa ululu ndi kutupa kwa nyamakazi mwa anthu achikulire, limachedwetsa kuwonongeka kwa mafupa, ndipo mavuto amene limabweretsa ndi oti munthu angawapirire. Piritsi limeneli tonse timalidziwa. Ndi lotsika mtengo, silisowa kawirikawiri, ndipo wodwala akalimwa amabweranso sabata yotsatira akuthokoza. N'chifukwa chake ntchito ya Boers iyenera kuwerengedwa mofatsa ndi aliyense amene amaona odwala m'dera ngati la Mfumu Yaikulu Mpama m'boma la Chiradzulu, kumene kulemba prednisolone n'kosavuta koma kupeza zonse zimene ziyenera kuyenda naye n'kovuta.

Tiyambe tagwirizana za nthenda imene tikukamba, poti mawu akuti nyamakazi amasenza zambiri. Agogo amene mawondo anatha ndi ukalamba amati ndi nyamakazi. Bambo amene chala chachikulu cha kuphazi chawatupira usiku umodzi amatinso ndi nyamakazi. Boers amafufuza mtundu umodzi wokha, umene madokotala amautchula kuti rheumatoid arthritis. Pa nthenda imeneyi chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kuyamba kutupitsa kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mkati mwa mfundo, kutanthauza malo amene mafupa amalumikizana. Imakonda mfundo zing'onozing'ono za zala, za pamkono ndi za kuphazi, ndipo imagwira mbali zonse ziwiri mofanana. M'mawa manja amauma kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Imagwira kwambiri amayi kusiyana ndi abambo, kawiri kapena katatu. Ikalekereredwa imadya m'mphepete mwa fupa, zala n'kupindika osawongokanso. Kwa mayi wa kwa Mpama zimenezi zikutanthauza kulephera kugwira mpini wa khasu, kupukusa mjigo, kufinya zochapa ndi kuvundula nsima. Si nthenda ya ululu chabe, imalanda chakudya pakhomo.

Mkangano wa mankhwala a gulu la steroid pa nthendayi ndi wakale. Mu September 1948 Dr Philip Hench wa ku Mayo Clinic ku America anabaya cortisone mayi wina wa zaka 29 amene nyamakazi inamugoneka, ndipo patangopita masiku ochepa mayiyo anadzuka n'kuyenda. Mu 1950 Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel. Chisangalalo sichinakhalitse. Odwala anayamba kutupa nkhope, kuthyoka mafupa, kudwala shuga ndi kusokonezeka maganizo, ndipo kafukufuku wa ku Britain wa mu 1954 anapeza kusiyana kochepa pakati pa cortisone ndi aspirin. Walira mvula walira matope. Kwa zaka zambiri madokotala ankalemba mankhwalawa mwamanyazi, mpaka mu 1995 pamene John Kirwan wa ku Bristol anaonetsa mwa odwala 128 kuti 7.5 mg patsiku kwa zaka ziwiri imachedwetsa kudyeka kwa mafupa kumene kumaoneka pa X-ray.

Boers analowa pamenepo, ndipo analowa molimba mtima. Kafukufuku wake woyamba wodziwika, wotchedwa COBRA, anatuluka mu The Lancet mu 1997. Odwala 155 a ku Netherlands ndi Belgium, amene nthenda inali isanathe zaka ziwiri, anagawidwa pawiri mwamaere. Gulu lina linalandira sulfasalazine yekha. Gulu lina linalandira sulfasalazine, methotrexate wa kamodzi pa sabata, ndi prednisolone woyambira pa 60 mg patsiku, ndiye kuti mapiritsi 12 a kuno kwathu. Mlingo umenewu unatsitsidwa msangamsanga mpaka 7.5 mg m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo prednisolone anachotsedwa patatha masabata 28. Gulu la mankhwala atatu linapeza bwino mofulumira. Prednisolone atachotsedwa, kusiyana kwa ululu ndi kutupa pakati pa magulu awiriwo kunachepa kwambiri, koma kusiyana kwa pa X-ray kunatsala, ndipo atawatsatira kwa zaka zisanu anapeza kuti mafupa a gulu la mankhwala atatu ankawonongekabe pang'onopang'ono kusiyana ndi a anzawo.

Ichi ndi chinthu chachikulu chimene Boers anaphunzitsa madokotala, ndipo sindikuona chifukwa chochitsutsira: miyezi yoyamba ya nthendayi ndi imene imalamula mmene manja adzakhalire zaka zakutsogolo. Kale madokotala ankayamba ndi mankhwala ofooka n'kumadikira, kenako n'kuwonjezera zala zitapindika kale. COBRA anatembenuza kaganizidwe kameneko. Komabe kafukufukuyu ali ndi poterera pamene ambiri amadumphapo. Gulu lopambanalo linawonjezeredwa mankhwala awiri nthawi imodzi, choncho palibe anganene molimba kuti gawo la prednisolone ndi ili, la methotrexate ndi ili. Ndiponso gulu loyerekezera nalo linalandira sulfasalazine yekha, pamene lero mankhwala oyamba pa nthendayi ndi methotrexate. Ofufuza a ku Belgium atayesa pambuyo pake kuyambira pa 30 mg pamodzi ndi methotrexate yekha, anapeza kuti zimagwira ntchito bwino lomwe. Mapiritsi 12 aja sanali ofunika onse.

GLORIA anafunsa funso lina: nanga achikulire amene akhala ndi nthendayi kwa zaka, amene madokotala amaopa kuwapatsa steroid koma amawapatsabe? Odwala 451 a zaka 65 kupita m'tsogolo, m'mayiko 7 a ku Ulaya, anawonjezeredwa pa mankhwala amene ankamwa kale piritsi limodzi la 5 mg kapena piritsi longofanizira lopanda mankhwala, ndipo wodwala ndi dokotala yemwe sankadziwa kuti ndi liti. Apa Boers ayenera kuyamikiridwa. Kafukufuku wambiri wa mankhwala amasankha odwala athanzi n'kusiya okalamba amene ali ndi matenda ena, koma iye anatenga anthu enieni a pamzere wa kuchipatala, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, omwa mankhwala ambirimbiri. Ndipo anawerenga zovuta mofanana ndi mmene anawerengera phindu.

Tiyang'ane manambala ake. Mphamvu ya nthendayi imayezedwa ndi muyeso wotchedwa DAS28, umene umaphatikiza chiwerengero cha mfundo zotupa ndi zowawa mwa mfundo 28, zotsatira za magazi, ndi mmene wodwala mwini akumvera. Omwa prednisolone anatsika ndi 0.37 kuposa anzawo. Pa muyeso womwewo madokotala a ku Ulaya amati wodwala wasinthadi kwambiri akatsika kupitirira 1.2, ndipo kutsika kosapitirira 0.6 amakuwerengera ngati palibe chasintha. N'zoona kuti 0.37 ndi kusiyana kwa magulu osati kwa munthu mmodzi, ndipo ena anathandizidwa koposa pamenepo, koma phindu lake si lalikulu ngati mmene mitu ya nkhani imamvekera. Kumbali ya zovuta, odwala 60 mwa 100 aliwonse omwa prednisolone anakumana ndi vuto limodzi kapena kuposa, poyerekeza ndi 49 mwa 100 a gulu linalo. Zambiri mwa zovutazo zinali matenda oyamba ndi tizilombo, osati oopsa. Amene anafika kumapeto kwa zaka ziwiri anali 62 mwa 100 okha. Ndipo zaka ziwiri n'zochepa pa mavuto amene steroid amadziwika nawo kwambiri. Kufooka kwa mafupa, ng'ala ndi matenda a mtima zimabwera mwakachetechete, pamene mayi wodwala nyamakazi amamwa mankhwala zaka khumi kapena makumi awiri.

Akatswiri anzake a Boers sanamutsatire mpaka kumapeto. Malangizo a bungwe la ku Ulaya la EULAR a mu 2022 amalola steroid poyamba kapena posintha mankhwala enieni a nthendayi, koma amati atsitsidwe ndi kusiyidwa mwamsanga, makamaka m'miyezi itatu. Malangizo a ku America a mu 2021 amapendekera kowapewa kumene. Boers wakhala akunena kuti mantha amenewa amachokera ku kafukufuku wongoyang'ana m'mabuku a odwala, mmene odwala kwambiri ndi amene amapatsidwa steroid, kotero kuti mavuto a nthenda amakankhiridwa kwa mankhwala. Pamenepa ali ndi chilungamo. Koma mkangano wonsewu ndi wa anthu amene odwala awo ali kale pa methotrexate, amayezedwa magazi miyezi ingapo iliyonse, ndipo amapatsidwa calcium ndi vitamini D oteteza mafupa. Mu GLORIA pafupifupi odwala anayi mwa asanu aliwonse ankamwa kale mankhwala enieni oletsa nthendayi. Prednisolone anali ndiwo yowonjezera, nsima inalipo kale.

Kwa Mpama chiopsezo n'chakuti ndiwo ija isanduke chakudya chonse. Methotrexate si mankhwala oyambitsira pa chipatala chaching'ono. Amafuna kuti nthenda itsimikizidwe, magazi, chiwindi ndi impso ziyezedwe, ndipo nthawi zambiri zimenezi zikutanthauza ulendo wa ku chipatala chachikulu cha boma kapena wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ndalama ya kabaza ndi minibasi imene mayi wosiya kulima alibe. Prednisolone safuna chilichonse cha zimenezi kuti ayambe. Ndiye njira yosavuta ndi iyi: wodwala apatsidwa mapiritsi anayi kapena asanu ndi limodzi patsiku kwa sabata, apeza bwino, mankhwala atha, kutupa kwabwerera, wabweranso kapena wakagula yekha. Patatha chaka nkhope yakhala yozungulira, shuga wakwera, ndipo zala zikupindikabe. Zimenezo si COBRA, amene anali ndi tsiku loyambira, ndondomeko yotsitsira ndi tsiku losiyira. Si GLORIA, amene sanapitirire piritsi limodzi. Amene angatchule dzina la Boers poteteza kalembedwe kotere sanamuwerenge.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyambali. Mawu akuti "matenda osaopsa" ali ndi tanthauzo lina ku Amsterdam ndi lina ku Chiradzulu. Boma lino ndi limodzi mwa amene kachilombo ka HIV kanawagunda kwambiri, n'chifukwa chake bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV kuno mu 2001, dziko lisanayambe ndondomeko yake yaulere. Chifuwa chachikulu chili pakati pathu, ndipo anthu ambiri ali ndi kachilombo kake kogona m'thupi. Steroid amafooketsa chitetezo chimene chimakagoneka. Mlingo wa 15 mg patsiku kwa mwezi umodzi kapena kupitirira umawerengedwa kale ngati chiopsezo cha chifuwa chachikulu, ndipo choipa china n'chakuti steroid amabisa kutentha thupi, wodwala n'kumaoneka bwino nthenda ikukula.

Ife a ku Malawi sitifunika kuphunzitsidwa ndi wina kuti zotsatira za steroid za ku Ulaya zikhoza kusagwira kuno. Mu 2002 ofufuza a ku Netherlands komweko anaonetsa kuti dexamethasone amachepetsa imfa mwa akuluakulu odwala matenda oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya. Chaka chomwecho Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa ana pafupifupi 600 a pa Queen Elizabeth, ndipo dexamethasone sanathandize. Mu 2007 Matthew Scarborough ndi anzake anayesa mwa akuluakulu 465 pa chipatala chomwecho, amene pafupifupi 90 mwa 100 aliwonse anali ndi HIV, ndipo imfa sizinachepe. Mankhwala omwewo, nthenda yomweyo, anthu ena, yankho lina. Mu 2014 malemu Pulofesa Bongani Mayosi wa ku Cape Town anatsogolera kafukufuku wa odwala 1,400 a m'mayiko a mu Africa amene chifuwa chachikulu chinagwira kathumba kokuta mtima. Prednisolone anachepetsa kuuma kwa kathumbako, koma khansa zoyenda ndi HIV, makamaka Kaposi, zinachuluka mwa omwa mankhwalawo. Mlingo wa Mayosi unali waukulu kwambiri, woyambira pa 120 mg, choncho sitinganene kuti piritsi limodzi la GLORIA lingachite zomwezo. Koma sitinganenenso kuti chitetezo chimene GLORIA anachiona ku Ulaya chafika kale kwa Mpama.

Palinso nkhani ya nthenda yeniyeniyo. Odwala a Boers anali otsimikizika kuti ali ndi rheumatoid arthritis. Kuno mfundo yotupa ili ndi eni ake ambiri. Ku Lusaka, Panganani Njobvu ndi Paul McGill anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti HIV itafika kunachuluka mtundu wina wa nyamakazi, wogwira mawondo, akakolo ndi zidendene mosafanana mbali ziwiri. Bondo limodzi lotupa pang'onopang'ono kwa miyezi likhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa. Mfundo imodzi yotentha, yofiira, wodwala akutentha thupi, ndi mafinya mpaka zitatsimikizika kuti si mafinya, ndipo imeneyo ndi yotumiza tsiku lomwelo. Mwana amene ululu ukusamuka kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina atadwala zilonda za pakhosi ayenera kuganiziridwa za nthenda imene imawononga mtima. Zonsezi zimayamba zaphwa munthu akamwa prednisolone. Kuphwako si umboni woti mwapeza nthenda.

Kenako pali mankhwala ena amene ali kale m'thumba la wodwala, ndipo apa ndi pamene buku lake la kuchipatala liyenera kutsegulidwa tsamba ndi tsamba. Rifampicin wa m'mankhwala a chifuwa chachikulu amafulumizitsa chiwindi kuphwanya prednisolone, mphamvu yake n'kutsika pafupifupi ndi theka. Ma ARV okhala ndi ritonavir amachita zosiyana, amakweza mphamvu ya steroid m'magazi. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene wodwala nyamakazi aliyense amakhala atamwa kale, akaphatikizidwa ndi prednisolone amachulukitsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba, ndipo amalemetsa impso za munthu amene ali pa tenofovir. Koma msampha woopsa kwambiri uli pa methotrexate yemwe, mankhwala amene ndondomeko yonse ya COBRA imatsamirapo. Methotrexate sayenda ndi Bactrim. Onse awiri amatsekereza folic acid m'thupi, ndipo akakumana akhoza kuumitsa mafuta a m'mafupa opanga magazi mpaka kupha. Ku Ulaya ndi nkhani ya apo ndi apo. Kuno anthu amene ali ndi HIV amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku monga mwa ndondomeko ya boma. Ndiye kuti mayi wa kwa Mpama amene ali pa ma ARV ndipo wapezeka ndi nyamakazi imeneyi sangangopatsidwa mankhwala a m'buku la Boers. Dokotala ayenera kusankha pakati pa kuunikanso Bactrim ndi kutenga njira ina monga hydroxychloroquine kapena sulfasalazine, ndipo sulfasalazine nayenso saloledwa kwa amene anatulukapo ziwengo ndi Bactrim kapena Fansidar. Palibe tsamba la COBRA kapena la GLORIA limene likuyankha funso limeneli, chifukwa silinali funso la odwala awo.

Kodi ndiye prednisolone atayidwe? Ayi, ndipo amene anaonapo mayi akulephera kumanga chitenje ndi manja ake sangayankhe choncho. Pamene palibe china, piritsi limodzi patsiku mwa munthu wotsimikizika nthenda yake, woyezedwa HIV, wofunsidwa za chifuwa, kuonda ndi thukuta la usiku, likhoza kumubwezera kumunda, ndipo GLORIA amatipatsa chifukwa chosachitira manyazi ndi mlingo wochepa chotero. Chimene ndikukana ndi kulemba prednisolone popanda kalata yotumizira wodwala kumene angayambe mankhwala enieni, ndi popanda tsiku losiyira lolembedwa m'buku.

Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'midzi sangalembe mankhwala, koma phunziro la COBRA lija, lakuti miyezi yoyamba ndiyo imalamula, lili m'manja mwawo kuposa m'manja mwa dokotala wa ku Blantyre. Munthu amene zala za manja onse awiri zatupa kwa masabata asanu ndi limodzi, amene amauma manja m'mawa, amene amakuwa mukamufinya pang'ono pamene zala zimayambira, atumizidwe zala zikadali zowongoka. Ambiri amadikira kuti chisanu cha June ndi July chidutse poganiza kuti ndi chiperoni, ena amayamba atemera mphini. Mukapeza amene akumwa kale prednisolone, funsani kuti anayamba liti, amamwa angati, ndipo akuwapeza kuti. Ngati wamwa kupitirira masabata atatu musamuuze kuti asiye lero. Thupi limakhala litasiya kupanga steroid wake, ndipo kusiya mwadzidzidzi kukhoza kubweretsa kusanza, kufooka, kutsika kwa magazi ndi imfa. Ameneyo apite kuchipatala akatsitsiridwe pang'onopang'ono, ndipo ayezedwe shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene wabwera ndi methotrexate kuchokera ku chipatala chachikulu akumbutsidwe kuti ndi wa kamodzi pa sabata, tsiku limodzi lodziwika, osati tsiku ndi tsiku, kuti folic acid asamudumphe, ndiponso kuti mankhwalawa amawononga mwana wosabadwa, choncho nkhani ya kulera ikambidwe asanameze piritsi loyamba.

Chiradzulu anaonetsa kale dziko lonse kuti nthenda ya moyo wonse ikhoza kusamalidwa pa chipatala chaching'ono, ndi anamwino ndi alangizi, pogwiritsa ntchito kaundula, tsiku lobwerera ndi munthu wolondola amene sanabwere. Odwala nyamakazi yotupitsa mfundo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a ma ARV, moti akhoza kukwana m'kaundula wa kiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Wophunzira wa pa Kamuzu University of Health Sciences amene akufuna mutu wa kafukufuku akhoza kuyambira pamenepo: kuwerenga m'mabuku a odwala a kwa Mpama kuti ndi angati amene alembedwa prednisolone koposa katatu pachaka chifukwa cha kuwawa kwa mfundo, pa mlingo wanji, ndipo mwa iwo ndi angati amene ali pa Bactrim.